Chule wa Maliro a Bambo

Bambo anatisiya Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mkazi wanga Dilsari anali atathira kale madzi pamafuwa. Kwathu ku Sirlung munthu akamwalira moto wa m'nyumba umazimitsidwa, ndipo suyakanso mpaka tsiku lachisanu chimwalirireni munthuyo, pamene wansembe amaitana malemuyo kudzamukhazika pamafuwa atatu aja pamodzi ndi makolo ake. Masiku apakatiwa malemu amakhala ali panja, ndiye timamuikira chakudya patsamba la nthochi pakhomo, ngati mlendo amene sanauzidwe kuti alowe.

Pamwambowo pamafunika mowa wa mawere, jinja, tambala ndi paha mmodzi. Mowa, jinja ndi tambala sizivuta. Paha, chule wamkulu uja wa m'madzi ozizira a m'mapiri muno, ayenera kuchokera mu Hongsa, mtsinje wathu, ndipo womugwira akhale mwana wa malemuyo ndi dzanja lake. Wa mayi amagwira wachisamba, wa bambo amagwira mzime. Ine Randhoj ndine mzime. Ndipo aliyense m'mudzi muno anakula akumva kuti mwana amene analakwira kholo lake, Hongsa amamumana.

Titachoka kumanda, achimwene anga a Narjit anandipeza ndikutsuka chigubu cha nsungwi chimene bambo ankaikamo apaha.

"Ukuchitsuka chonsecho ukufuna kudzaza?" anatero. "Mmodzi yekha akwana, mng'ono wanga. Wa mayi ine ndinapita m'mawa, pobwera phala linali lisanazizire."

"Ndikukumbuka, achimwene. Mwatikumbutsa zaka zinayi."

"Ndikungonena. Manja ako anazolowera sipanala. Paha si nati, amaterera."

Ndinawasiya. A Narjit ndi munthu woti akayetsemula amayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamva. Koma pa nkhani ya paha wa mayi sankanama kuti anthu anawatama. Ndinalipo, ndinaona wansembe wathu a Makardhoj akunyamula chule uja m'mwamba, wonenepa, pachifuwa pali timinga takuda, amayi akumati, "Uyu ndiye mwana." Nsanje inandigwira tsiku limenelo, sindibisa.

Lachitatu ndinalawira. Ndinayambira pamathithi a kumunsi n'kumakwera mwala ndi mwala, monga anandiphunzitsira bambo. Umagwada m'madzi, n'kulowetsa mkono pansi pa mwala pang'onopang'ono mpaka phewa linyowe, zala zikuyenda ngati ukufufuza singano m'thumba. Ukakhudza chofewa sufulumira, umayamba wapeza miyendo yakumbuyo. Ukatembenuza mwala n'kupeza mazira atamatirira kunsi kwake, umaubweza mmene unalili, ndipo ukaubweza mozondotsa a Pahalman, bambo angawo, ankakuwomba khofi lomveka kutsidya. Ndili mwana, kuchokera pamathithi kukafika pamlatho wa zingwe unkatha kukhudza apaha makumi awiri, n'kusankha amene ukumufuna.

Tsiku limenelo ndinakhudza ndere, nkhanu ziwiri ndi botolo losweka limene linanditema chala. Ndinabwerera madzulo mikono itachita dzanzi. Tsamba la bambo linali pakhomo, khwangwala atadya theka la mpunga.

"Mawa," anatero Dilsari, osandiyang'ana. Ankaphika panja pa kachitsulo ka miyendo itatu, utsi ukumulowa m'maso.

Lachinayi ndinakwera kumtunda, kupitirira pamene ngalande ya magetsi imayambira. Apa ndiyenera kunena zanga, poti mwina wina angaganize kuti ndinali wosalakwa.

Makina a magetsi a m'mudzi muno ndimayang'anira ndine, chaka chino n'chakhumi ndi chimodzi. Madzi amapatuka mu Hongsa pa thabwa lalikulu, n'kuyenda m'ngalande mpaka kukagwera m'makina, kenako n'kubwerera mumtsinje kumunsi. Pomanga tinagwirizana kuti pansi pa thabwa pazitsala mpata wa zala zinayi, kuti mtsinje wapakatiwo usaume. Nthawi ya mvula mpata umenewo palibe amaukumbuka. Koma ikafika miyezi yachilimwe madzi amachepa, mababu amangofiira ngati khala, mafoni sadzaza, ndipo anthu amabwera kunyumba kwanga ngati ndawabera mbuzi. Amene ankafuula kwambiri ndi a Narjit, poti ali ndi chigayo ndi wailesi ya kanema.

"Madzi akuthawira pansi pa thabwa iwe uli phee? Ukusungira ndani, achule?"

Chaka chachitatu ndinatopa nako kutukwanidwa. Ndinatenga thumba, n'kulidzaza dothi, n'kutseka mpata uja. Madzulo ake mudzi wonse unawala, ndipo anthu anandipatsa moni wa ulemu. Patatha masiku anayi maiwe onse apakati pa thabwa ndi makina anali atauma. Ambululu a paha sali ngati a m'munda wa mpunga, amakhala m'madzi zaka ziwiri asanamere miyendo, ndiye m'maiwemo munali a chaka chimenecho ndi a chaka chapitacho. Ndinawaona atamatirira pamiyala, ena akugwedezabe michira. Fungo linafika mpaka kusukulu, ndipo akhwangwala anadya sabata yathunthu. Mtima unandipweteka, inde, koma chaka chotsatira ndinatsekanso, ndi chinacho, mpaka chinakhala chizolowezi. Kumtunda kwa thabwa ndi kumunsi kwa makina kunali kwa anyamata a matochi, amene usiku ankagwira apaha matumba athunthu n'kumaumitsa kuti akagulitse kwa anthu a malole msewu utafika. Ine ndinkadziuza kuti kumeneko atsalabe, ndipo iwo mwina ankadziuza kuti atsala kwa ine.

Bambo miyendo inafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, moti kumtsinje sanapitenso. Mwezi wachilimwe wa Chaiti ukafika, nthawi imene apaha amaitanizana, ankandifunsa ndikangolowa pakhomo.

"Akulira?"

"Akulira, bambo."

M'kanyumba ka makina munthu sumva china koma makinawo. Sindinkadziwa ngati akulira kapena ayi, ndipo sindinkafuna kudziwa.

Ndiye Lachinayi lija, ndili m'madzi mpaka m'chiuno, ndikutembenuza miyala yopanda ngakhale dzira limodzi kunsi kwake, sindinadabwe. Ndinati mtsinje ukundidziwa. Ndinafika mpaka kumene Hongsa amatulukira pansi pa thanthwe, kumene munthu sungapitirire. Ndinakhala pamwala n'kumvetsera. Kunali madzi okha. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda, ndipo kunali kulira kwa mantha: Loweruka, tsiku la mwambolo, likafika ndilibe kanthu, bambo adzakhala panja mpaka kalekale, ndipo m'nyumba mwanga simudzayakanso moto.

Dilsari anayang'ana chigubu, kenako nkhope yanga, n'kundikokera kuseri kwa khola.

"Bambo a Sobha, tamverani. Mupite ku Dobala kwa malume anga."

"Kukatani?"

"Mumtsinje mwawo mulinso apaha. Chule ndi chule. Kodi amakhala ndi chiphaso cholemba kwawo?"

"Ukufuna ndinamize akufa?"

"Ndikufuna ndiphike m'nyumba mwanga. Ndikufuna apongozi anga alowe, asamalimbirane mpunga ndi akhwangwala. Inu mwawanamiza ali moyo zaka zingati? Lero ndiye mwasanduka woyera?"

Mkazi ameneyu lilime lake limadula, ndipo chowawa n'choti kawirikawiri amalasa pomwepo. Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa. Kenako ndinamufunsa njira yachidule.

Ndinanyamuka Lachisanu m'bandakucha, nditauza anansi kuti ndikukayesa timifuleni ta kumtunda. Kupita ku Dobala umakwera maola anayi mpaka pampata, n'kutsika awiri. M'nkhalango misundu inandidya m'miyendo mpaka ndinasiya kuichotsa. Njira yonse ndinkayeserera zokanena, poti a Birkhajit, malume a Dilsari, ndi munthu wachipongwe, ndipo ndinkadziwa kuti nkhaniyi adzaisunga ngati mbewu.

Ndinawapeza pakhonde akung'amba nsungwi zolukira dengu. Anandiyang'ana mutu wometa, nsalu yoyera, chigubu m'chiuno, n'kubweza maso pa ntchito yawo.

"Wapita ndani?"

"Bambo anga, Lachiwiri."

"A Pahalman. Pepani, mkamwini. Anali munthu." Anang'amba nsungwi ina mpaka kumapeto. "Khalani pansi. Ndipo musavutike kundiuza kuti ndisauze munthu, ndikudziwa kale."

"Mwadziwa bwanji chimene ndadzera?"

Anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe.

"Anthu a ku Sirlung mumabwera kudzationa ife? Ukwati wa mwana wanga munatumiza moni wokha. Koma munthu akafa kwanu, tsiku lachitatu kapena lachinayi timaona wina akutsika paphiri apo, mutu wometa, kachigubu m'chiuno, akuyenda ngati wanyowetsa buluku. Aliyense amayamba ndi mawu omwewo: malume, musauze munthu, mtsinje wandikana ine ndekha. Inu ndinu wachikhumi ndi chiwiri."

Ndinamva ngati khonde lapendekeka.

"Wachikhumi ndi chiwiri?"

"M'zaka zisanu ndi ziwiri. Mukufuna mayina?" Anayamba kupinda zala. Anatchula mwana wa wosula zitsulo, ana awiri a kumtunda kwa sukulu, mphunzitsi wathu amene amatiphunzitsa kunena zoona. Anthu amene ndinawaona ndi maso angawa akuyamikiridwa pamaliro. Atafika pa chala chachisanu ndi chiwiri anandiyang'ana.

"Ndi mkulu wanu Narjit. Analira pomwe mwakhalapo, mamina mbwee. Ndinachita kumugwirira ndine, iye madzi ankawaopa kuzizira."

"Achimwene anapita m'mawa n'kubwera phala lisanazizire," ndinatero ngati chitsiru.

"Anagona m'khola langa la mbuzi. Kaya phala lakwanu limatenga masiku angati kuti lizizire."

Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa. Koma chimene chinandibwerera m'mutu ndi mayi. Zaka zinayi takhala tikuwathirira mowa pamafuwa, tikuwauza za ana, za mbewu, za matenda a bambo. Ngati paha uja sanali wa mu Hongsa, ndiye kuti mayi sanalowe. Akhala ali panja zaka zinayi, mvula ndi chisanu, popanda ngakhale tsamba la mpunga.

Komabe ndinatambasula chigubu. Manyazi anali atandithera.

"Malume, ndithandizeni. Mmodzi yekha."

"Mkamwini, mukanabwera chaka chatha. Womaliza amene ndinamuona ndi maso anga ndinapatsa mwana wa wansembe wanu, mayi ake atamwalira. Ndinamufuna masiku awiri. Kuchokera pamenepo, zii. Anyamata athu nawonso ali ndi matochi, malole amafika kuno ngati kwanu, ndipo otsalawo anadyedwa ndi akufa anu. Ndikanadziwa ndikanamakubwezani chimanjamanja kuyambira woyamba, mwina mukanafuula kukadali nthawi."

Sindinawakhulupirire. Anadzuka n'kunditengera kumtsinje wawo, ndipo tinagwada m'madzi awiriwiri, nkhalamba ndi ine, mpaka dzuwa linapendeka. Pamapeto anakhala pamwala akunjenjemera, milomo itada.

"Mwaona? Ine ndikafa mwana wanga adzapita kuti? Inu munali ndi Dobala. Ife tilibe Dobala."

Ndinafika kunyumba pakati pa usiku. Dilsari anagwedeza chigubu, n'kumva kupepuka kwake. Ndinamuuza zonse. Nditamaliza anati, "Ndiye mawa mukanena chiyani?"

"Zoona."

"Zoona zake ziti? Zoti mwalephera, kapena zoti onse analephera? Zoyambazo adzakukhululukirani tsiku lina. Zachiwirizo sadzakukhululukirani."

Loweruka bwalo linadzaza. A Makardhoj anayala masamba a nthochi pakhomo, n'kuika mowa, jinja ndi mpeni, tambala atamangidwa miyendo pambali. Ndi munthu wokalamba, wa mawu ofewa, amene anandipatsa dzina ndili wakhanda, ndipo sindinkafuna kumuchititsa manyazi. Anayamba kuitana mayina a makolo, kuyambira amene anatsika koyamba m'chigwa chino, mpaka anafika pa dzina la bambo. Kenako anatambasula manja kwa ine.

Ndinamasula chigubu, n'kuchotsa chotsekera, n'kuchizondotsa. Munatuluka madontho atatu a madzi.

Anthu anachita phokoso lija la pansipansi. Mayi wina anati, "Kalanga ine, a Pahalman." A Narjit anaimirira, nkhope itafiira.

"Ndinadziwa! Ndinadziwa ine! Masiku atatu, ngakhale kamwana ka chule? Wawachita chiyani bambo, iwe? Unkawamana chakudya?"

"Khalani pansi, achimwene."

"Ndikhale pansi? Mtsinje wakukana pamaso pa anthu, ukuti ndikhale pansi?"

Mtima wanga ndi waufupi, aliyense amadziwa. Ndikanatha kuzyolika n'kulandira, monga anandichenjezera Dilsari. Koma kumva munthu amene anagona m'khola la mbuzi akundifunsa ngati ndinkamana bambo chakudya, ine amene ndinawanyamula kumsana kupita nawo kuchimbudzi zaka zisanu ndi chimodzi, chinachake chinaduka.

"Mu Hongsa mulibe paha," ndinatero mokweza. "Mulibe wanga, mulibe wa munthu aliyense. Ndatembenuza mwala uliwonse kuyambira pamathithi mpaka pathanthwe. Mulibe chule, mulibe mbululu, mulibe dzira. Anatha kalekale. Dzulo ndinali ku Dobala, kwa a Birkhajit, kukapempha paha wa kumeneko mobisa. Inde, ndinapita, ndikuvomera. Anandiuza kuti ndine wachikhumi ndi chiwiri. Khumi ndi mmodzi enawo muli pompano, ndikukuonani. Mukufuna ndikutchuleni, kapena muimirira nokha?"

Ndinayang'ana mwana wa wosula zitsulo, iye n'kuyang'ana zala zake za kumapazi. Mphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Mwana wa a Makardhoj, amene anali atagwira mbale ya mowa kumbuyo kwa bambo ake, anapendeketsa mbaleyo mpaka mowa unatayikira pansi. Ndinadikira. Ndinkaganiza kuti mmodzi yekha akaimirira, ena atsatira, ndipo tikhala pansi ngati anthu akuluakulu n'kufunsana chochita ndi akufa athu. Palibe anaimirira.

"Achimwene," ndinatero, "auzeni kumene munatenga wa mayi."

Sindinaone dzanja likubwera. Ndinangopezeka ndili pansi, pakamwa pakutuluka magazi, anthu atawagwira a Narjit m'mapewa.

"Wabodza! Walephera yekha, ndiye akufuna atulutse mayi athu panja kuti asakhale yekha pa manyazi! Ndipo ngati apaha achepa, anaumitsa mtsinje ndani? Amatseka thabwa ndani chaka ndi chaka? Si iweyo?"

"Ndine," ndinatero, ndikulavula magazi. "Ndipo amene ankandituma ndinu."

Koma anthu anali atapeza pogwira. Ndinaona nkhope zikumasuka, mmodzi ndi mmodzi. Eya, ndi wa magetsi uja. Eya, mtsinje ungamupatse bwanji munthu amene anaupha ludzu? Amene anali atazyolika anadzutsa mitu, ndipo ena mwa khumi ndi mmodzi aja ndi amene anayamba kufuula kwambiri. Sindinawadabwe. Kundivomera ine kunali kuvomera kuti amayi awo ndi abambo awo ali panja.

A Makardhoj anakweza dzanja. Sanandiyang'ane, ndipo sanayang'anenso mwana wawo.

"Popanda paha wa mu Hongsa sindingawakhazike a Pahalman," anatero. "Sindinaupange ndine mwambowu, ndipo sindingausinthe. Moto usayake m'nyumba muno mpaka paha atapezeka. Tsamba lizikhala pakhomo."

"Nanga akapanda kupezeka, agogo?" anafunsa Dilsari.

Nkhalamba ija inapinda masamba ake a nthochi pang'onopang'ono, n'kumasula tambala. Anthu anabalalika osadya. Mpunga umene Dilsari anaphika mapoto atatu tinapatsa nkhumba.

M'mawa mwake ndinapita pathabwa, n'kuzula thumba lija, n'kuliponya kutsidya. Ndinakweza thabwa osati zala zinayi koma chikhatho chonse. Madzi analowa m'maiwe ouma aja akukankha masamba ndi fumbi, ndipo ndinaimirira n'kumaonerera ngati kuti china chake chituluka. Madzulo mababu anafiira, chigayo cha a Narjit chinaima. Ndinayembekezera kuti abwera kudzanditukwana monga kale, koma palibe anabwera. Anangosiya kundipatsa moni. Ana awo anasiya kusewera ndi mwana wathu Sobha, ndipo Dilsari akafika pampopi amayi amapeza chifukwa chochokerapo.

Tsiku limene ndinazula thumba lija Dilsari anaika masamba awiri pakhomo m'malo mwa limodzi. Sanandifunse. Pa lachiwirilo anaikapo ndiwo zopanda tsabola, poti mayi tsabola ankawatentha pamtima.

Mvula inabwera pa nthawi yake. Hongsa anadzaza, n'kumalindima monga kale, ndipo munthu wachilendo akanati ndi mtsinje wamoyo. Ine m'mawa uliwonse ndisanapite kumakina ndimatsika ndi chigubu, n'kutembenuza miyala khumi kapena makumi awiri, n'kuibweza mmene inalili, ngakhale kunsi kwake kulibe choti ndisamale. Dilsari akuphikabe panja, pansi pa lata limene ndinamukhomera, ndipo chifuwa sichikumuchoka. M'nyumba mumazizira ngati m'phanga. Nthawi zina ndimakhala pafupi ndi mafuwa akudawo n'kumaganiza kuti makolo enawo, amene analowa bwinobwino kalekale, nawonso akumva chisanu chifukwa cha ine.

Mwezi wachiwiri chichitikireni zimenezo, ndikupita kumakina, ndinaona tsamba la nthochi pakhomo la wosula zitsulo. Panali mpunga pang'ono ndi kachidutswa ka jinja. Kunyumbako sikunagwe maliro. Ndinadutsa osayang'anitsitsa, ndipo mwini nyumba, amene anali pakhonde, anachita ngati akusoka nsapato. Sabata yotsatira linaoneka kwa mphunzitsi, litabisidwa kuseri kwa mtsuko. Kenako kumtunda kwa sukulu, nyumba ziwiri zonse. Palibe ananenapo kanthu, ndipo moni sanayambirenso kundipatsa. Koma m'nyumba zimenezo utsi unasiya kutuluka padenga, n'kuyamba kutuluka kuseri, kumene amayi anasamutsira mapoto awo. Tsiku limene ndinaona tsamba pakhomo la a Makardhoj, nkhalambayo ili chikhalire pambali pake ikuingitsa nkhuku, ndinabwerera kunyumba n'kukagona masana.

Akhwangwala a ku Sirlung anenepa chaka chino.

A Narjit anabwera Chaiti atabweranso, chaka chathunthu tisanalankhulane. Kunali m'mawa, ine ndikumanga chigubu m'chiuno. Anali ataonda, ndipo m'manja ananyamula kambale kovundikira. Anaima pakhomo n'kuyang'ana masamba awiri aja nthawi yaitali. Kenako anagwada, n'kuvundukula kambale, n'kuthira pa tsamba la mayi maungu ophika ndi mkaka, amene mayi ankawakonda kuposa nyama. Ena anagwera pansi. Sindinawathandize, komanso sindinawathamangitse.

Atadzuka anayang'ana kumunsi, kumene mtsinje umamvekera. Ndinali nditazimitsa makina kuti ndikonze lamba, ndiye m'chigwa monse munalibe phokoso lina.

"Ndi nthawi yake ino," anatero. "Akulira?"

Tinamvetsera limodzi, iwo ndi ine, ndi awiri aja pakhomo, bambo ndi mayi.

"Ayi, achimwene," ndinatero. "Sakulira."